Pisitolo Yokhuta Mafuta

Usiku wathawu ndinalota, anzanga. Mumandidziwa kuti pakamwa panga sipatseguka wamba, koma lero mundilole. A Thawale, ikani kaye burashiyo pansi, mfuti yanuyo siithawa.

Ndinalota kuti Loweruka lafika kale, tsiku losankha anthu asanu opita ku mpikisano wowombera chandamale. Mukudziwa zimene anandiuza a Mlaviwa, tcheyamani wa kalabu yathu ino: pisitolo yanga ikakakamiranso ngati mwezi watha, kapena ndikaphonyanso, malo amene ndawasunga m'timu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi apita kwa a Thawale. Ine andipatsa wezulo, ndizikhala pampando n'kumaimbira anzanga. Ine, wezulo!

Ndiye ndinali pa kabaza, dzuwa lili paliwombo, bokosi la pisitolo lili pamiyendo, mtima ukudumpha ngati wa munthu wopita kukafunsira mbeta. Mwadzidzidzi m'bokosi muja mwayamba kutsokomola. Nditatsegula ndapeza pisitolo yanga yakhala tsonga, ikulavula mafuta.

"Bambo Likongwe," ikutero, "ndinakulakwirani chiyani?"

"Khala chete, tachedwa."

"Lolemba mafuta. Lachitatu mafuta. Lachisanu mafuta. Kodi ine ndine chitumbuwa? Fumbi lonse la Okutobala likumata m'nthiti zangamu, ndiye ndikakakamira mukuuza anthu kuti ndakalamba."

Ndisanayankhe, sipuling'i yake yatuluka n'kudumphira mumsewu. "Inenso ndatopa kumasulidwa sabata iliyonse popanda mlandu!" Uyo, njo njo njo, kulunjika kumsika. Ndiye ife pambuyo, wa kabaza akupalasa akukuwa kuti gwirani, gwirani, azimayi a tomato akuimba nthungululu, ine ndikuseka ngati mwana. Ndinakaigwira itabisala m'beseni la usipa, ikunamizira kuti ndi nsomba.

Pomwe ndimaweramuka, msika palibe, ndili pachipata cha kalabu. Apo pali a Mpinganjira, oyeza mfuti tisanalowe m'bwalo, avala jekete lawo lija la khaki. Ndachotsa magazini yosungira zipolopolo, ndawaonetsa kuti m'kati mulibe chipolopolo, mpope wa mfuti ndalozetsa ku chulu cha kuseri kwa chandamale monga mwa lamulo. Mwadzidzidzi jekete lija lasanduka lobiriwira, mchira wapindika kumbuyo, a Mpinganjira ndi nanzikambe. Diso limodzi lalowa mumpope, linalo lili pa ine.

"Mfutiyi ilibe matenda," akutero pang'onopang'ono. "Bwerani inuyo."

Anandigwira khutu n'kulikokera kumbuyo, khetye, ngati mmene timakokera pisitolo, n'kusuzumira m'kati.

"Mhm. Dzimbiri. Zaka zitatu osapukutidwa. Lowani, koma ndalemba."

M'bwalo anthu osaneneka. Ena akwera m'mitengo, ena abwera ndi ng'oma. A Mlaviwa akudutsa pakati atanyamula wezulo pa mbale yagalasi, ndiye akamayenda khosi likufiira, likulendewera, nthenga zikutambasuka kumbuyo, mpaka ndi nkhukundembo yeniyeni yovala tayi. Mayi Chagwa, owerenga maenje pa chandamale, asanduka nkhanga, ayamba kuwerenga madontho a pamsana pawo n'kumalengeza kuti naini, teni, teni. Ndipo inu a Thawale munali pambali panga, mutagwira chinangwa chowotcha m'malo mwa mfuti. Musaseke. Chinkalira phaa, ndipo chilichonse chinkalowa pakati penipeni.

"Madala," mukundiuza uku mukuluma mfuti yanuyo, "mpando uja ndakupukutirani kale. Ndaikapo ndi kapilo."

Ndaima, ndakweza manja, ndayang'ana, ndakoka. Phaa!

Chandamale chawerama kudziyang'ana. "Pansi kumanzere! Akuluakulu, pansi kumanzere ngati mwezi watha! Bambo inu, kumeneko kuli m'bale wanu?"

Anthu mmwemo kuseka. Ndikuti ndiwomberenso, zii. Chigoba cha chipolopolo chakakamira potulukira, chaima ngati ndudu pakamwa pa munthu.

"Tuluka!" ndikutero.

"Ndituluke bwanji? Muno ndi matope okhaokha, ndatitimira mpaka m'chiuno."

Ndakweza dzanja monga timachitira mfuti ikavuta. Nkhukundembo ija yayamba kubwera, gudu gudu, wezulo ili kukamwa, chingwe chake chatseguka kale kuti chindilowe m'khosi. Ndiye mwadzidzidzi ndamva tchaka-tchaka, tchaka-tchaka, tchaka-tchaka.

Anzanga, mawu amenewo ndingawadziwe ngakhale pakati pa mvula yamatalala. Makina osokera a a Nankhoma, malemu akazi anga. Chiwaikireni m'manda zaka zitatu zapitazo, makinawo ali pakona, ndinawafunditsa nsalu, sindiwakhudza. Koma apa bwalo lonse lasanduka pabalaza pakwathu, anthu onse aja apanikizana pa mipando itatu, chulu chija ndi katani ya pawindo. Pa katanipo pali batani lakuda limene iwo anandisokera kalekale kuti ndiziphunzirirapo kulunjika. Masana aliwonse ndinkaima pakhomo ndi pisitolo yopanda chipolopolo, chigoba nditachikhazika pamwamba pake, n'kumafinya kachitsulo kowombera osachigwetsa. Iwo ankakhala pambali akusoka, osandiyang'ana n'komwe.

Ndi mmene analili m'malotomu. Mpango wawo wabuluu, singano pakamwa, maso pa nsalu.

"Bambo a Sigele," akutero, "botolo langa la mafuta a makina ndinalisiya lodzaza. Lili kuti?"

"Ndimapaka mfuti."

"Lonse lija?"

Ndinawaonetsa pisitolo, ikudontha mafuta.

"Ndinkakuuzani kuti dontho limodzi, kenako kupukuta. Chitsulo sachipaka mafuta chifukwa choti munthu wasowa woyankhula naye. Bweretsani kuno."

Anaitenga, kuimasula ngati akusenda nthochi, kuipukuta ndi ngodya ya chitenje, chigoba chija n'kugwa chokha, ngwe. Pisitolo inapuma mpweya wautali. "Zikomo mayi. Muwauze, ine samandimva."

"Awa samva aliyense," a Nankhoma akutero. Kenako ayang'ana pansi. "Nanga phazi lanu laimiranji?"

"Phazi?"

"Ndikamapalasa makina, chala chachikulu cha phazi lanu lamanja chinkapalasa nawo m'nsapatomo. Katatu, kenako mpweya kunja, kenako kufinya. Ngakhale kubwalo kumene kunalibe makina, chinkapalasabe. Pano mwangouma ngati mtengo wa magetsi n'kumakoka mokwatula. Mukuganiza kuti masokosi anu ankabooka mbali imodzi chifukwa cha makoswe? Ankasoka ndani zaka zonse zija?"

Ndinkafuna kuwauza zambiri. Nkhani za zaka zitatu zathunthu. Chimene chinatuluka ndi chakuti, "Palasani."

Anamwetulira chammbali, n'kuponda.

Tchaka, tchaka, tchaka. Chala changa chayamba chokha. Mpweya kunja. Phaa! Batani lija lalira, "Mayo, pamchombo!" Nkhanga yadumphira patebulo: "Teni!" Tchaka, tchaka, tchaka. Phaa! "Teni!" Ng'oma zayamba, azimayi a tomato aja alowera pawindo ndi nthungululu zawo, nanzikambe wasintha mitundu yonse nthawi imodzi, maso akuzungulira ngati mateyala. Chachitatu, teni! Nkhukundembo yadzidzimuka n'kumeza wezulo, ndiye ikati iyankhule kukungomveka priii, priii. A Thawale mwatsiriza kudya mfuti yanu, mwatsala ndi khoko m'manja, mukufunsa ngati pali amene ali ndi mchere.

Chipolopolo chatsala chimodzi. Nkhanga ikukuwa kuti chikalowa pakati, Likongwe ali m'timu. Pisitolo ikundinong'oneza kuti, "Tiyeni bambo, ndapepuka ngati nthenga." Ndakweza manja. Kumbali kwanga makina akupitirira, koma ndikuona pangodya ya diso kuti pampando paja palibenso munthu. Ndimafuna kucheuka. Sindinacheuke. Chala chikupalasa chokha, kamodzi, kawiri, ndipo mawu a makina aja akusintha, akukhala tswa, tswa, tswa.

Kutsegula maso, kwacha. Anali mayi oyandikana nawo nyumba akusesa pabwalo pawo, tswa, tswa, tswa, ndipo pansi pa bulangeti chala changa chikutsatira tsachelo.

Ndinadzuka n'kukhuthula thumba la masokosi pabedi. Mapeyala asanu ndi limodzi, a zaka zitatu, lobooka palibe ngakhale limodzi.

N'chifukwa chake lero mukundiona ndabwera ndi kansanza kouma, botolo ndalibwezera pa makina. A Mpinganjira, nditsegulireni bwalo, ndikufuna zipolopolo makumi awiri. Ndipo inu a Thawale, kapilo kaja musakachotse pampando. Loweruka mudzakafuna ndinu.