Mmene ndinafufutira makolo a apongozi anga

Nkhaniyi yafika kale ku Lobi, ndipo ndamva kuti kumeneko akuti laputopu ya apongozi anga inafuka utsi. Si zoona. Utsi kunalibe. Koma zimene zinachitikadi n'zoipa kuposa utsi, choncho bola ndizifotokoze ndekha mwiniwake.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Kabwazi. Ndili mnyamata ndinachitako kosi ya kompyuta ya masabata atatu (satifiketi yake ili m'felemu pabalaza), ndipo kuyambira pamenepo anthu amanditenga ngati dokotala wa chilichonse chokhala ndi batani. Nanenso sindinkakana.

Apongozi anga aamuna, omwe anapuma pa ntchito ya ukatekisiti, anatha zaka ziwiri akulemba mbiri ya banja lawo: mmene makolo anachokera kummwera, kumene ankaima m'njira, ndani anabala ndani. Ankalemba ndi chala chimodzi, pa laputopu yatsopano imene anawagulira mwana wawo wa ku Lilongwe. Akamva kanthu kwa achikulire ena, ankakalemba tsiku lomwelo. Ena mwa achikulirewo pano anatisiya.

Loweruka lina, titaweruka kokumba kachewere, anandikodola.

"Aphunzitsi, chinthuchi chikundisowetsa mtendere. Ndikafuna kulemba chimati dikirani kaye ndikudzikonza. Chimadwala chiyani?"

Yankho lanzeru linali lakuti, dikirani ndithu bambo, chimaliza. Koma ine ndinatsokomola kaye ngati katswiri.

"Vuto ndi sisitimu, bambo, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse mkatimu. Zatsopanozi n'zachibwana. Yakale ija ndiye inali yeniyeni."

"Ngati makasu akale?"

"Ndendende."

Munthu wachikulire ukamuuza kuti zakale zinali bwino, wamaliza. Anavomera pomwepo. Mkazi wanga yekha ndi amene anandifunsa tili m'njira, "Bambo a Tadala, zimenezi munayamba mwachitapo?"

"Kangapo," ndinatero. (Ndinaonererapo kamodzi, nditaima kumbuyo kwa anthu asanu.)

Mkati mwa sabata ndinapita pa Linthipe kwa mkulu wina amene amaika nyimbo m'mafoni, ndipo anandiikira sisitimu yakaleyo m'fulashi, kachipangizo konyamulira zinthu za pakompyuta. Pondipatsa anati, "Musunge kaye mafayilo penapake musanayambe." Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati malangizo amenewo ndi a ophunzira kumene.

Loweruka lotsatira masana ndinakhala pakhonde la apongozi, mphepo ya Juni ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinazika fulashi. Poyamba zinayenda bwino moti ndinayamba kuimba mluzu. Kenako panabwera mizere inayi, kompyuta ikufunsa kuti sisitimuyo iikidwe pa uti. Ndinasankha woyamba, inakana. Wachiwiri, inakana, n'kuwonjezera chizungu chachitali chimene sindinachiwerenge mpaka kumapeto poti apongozi anali atandiimirira pamsana.

Apa ndinaganiza ngati mlimi: munda sudzala usanasose. Pansipo panali batani lofufutira. Ndinadina. Kompyuta inandichenjeza kuti zonse zimene zili pamenepo zipita, n'kufunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera mwachangu kuposa mmene ndinavomerera pa ukwati wanga. Mzere wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu. Wachinayi. Kanayi konse makina aja anayesetsa kundipulumutsa.

Munda utayera, sisitimu inalowa bwinobwino. Apongozi aakazi anabweretsa tiyi ndi kachewere wophika, n'kunena kuti mwana wawo anakwatiwa pabwino. Ndinadya zisanu.

Laputopu itayaka, pamene umayendetsa chala poloza zinthu paja panali patafa. Ndinathamangira kunyumba kukatenga mausi ya waya. Intaneti, palibe. Mawu, zii. Zilembo zinali zikuluzikulu ngati kabichi, koma izi zokha apongozi zinawasangalatsa.

"Onani! Tsopano ndiziwerenga opanda magalasi. Tanditsegulirani pamene ndinalekezera paja, agogo akuwoloka mtsinje wa Linthipe."

Ndinatsegula posungira zolemba. Munali mbee. Ndinatseka n'kutsegulanso, ngati mmene munthu amabwerezera kupisa m'thumba lobooka. Mbee. Kuzizira konse kuja ine thukuta linali kamukamu.

"Sisitimu yakale imachedwa kuzolowera malo, bambo. Mafayilo amatuluka pang'onopang'ono."

"Ngati nkhuku yachilendo?"

"Eya, bambo."

Ndinanamiza katekisiti, pakhonde pake, nditakhuta mbatata yake.

Lolemba nditaweruka ndinakwera minibasi ya ku Dedza boma, laputopu ili m'chikwama cha makope a ana. Ndinapeza mayi wina wokonza makompyuta. Anayatsa, anayang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Anachita zimenezi ndani?"

"Munthu wina wa kwathuko."

"Mukamuuze kuti makina awa anapangidwira sisitimu yatsopano, yakaleyi sigwirizana nawo. Mukamuuzenso kuti asadzagwirenso kompyuta. Ngakhale wailesi."

"Ndikamuuza, mayi."

Analimbana nayo masiku awiri. Chimene anavuula ndi zithunzi zitatu za dimba ndi theka la tsamba lokhala ndi mayina asanu ndi limodzi, osakanikirana ndi timabokosi m'malo mwa zilembo. Kenako anabwezeretsa sisitimu yatsopano ija, yachibwana ija, ndipo zonse zinayambanso kugwira ntchito.

Kokaulula ndinatenga mkazi wanga, amene njira yonse sanayankhule kanthu (chilango choposa kukalipa). Mpando ndinaukana, ndinakhala pansi. Nditamaliza kufotokoza, apongozi anavula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali.

"Zonse?"

"Zonse, bambo."

"Ndi zija anandiuza malemu achimwene ali m'chipatala?"

 Kufikira nthawi imeneyo ndinkangoganiza za manyazi anga. Ndipamene ndinazindikira chimene ndinawalanda.

Anayang'ana kuphiri. Kenako anadzigogoda pamphumi.

"Umu simunadinemo batani lanu lija. Ine ndinali ndi chala chimodzi, inu muli nazo khumi. Loweruka, eyiti koloko."

Ndiye moyo wanga pano ndi umenewo. Loweruka lililonse anzanga akamapita ku mpira, ine ndimakhala pakhonde paja ndikutayipa, iwo akuyendayenda manja ali kumbuyo. Pena amaima pakati pa chiganizo, dzina litawathawa, ndipo tonse timadziwa kuti amene akanalikumbuka kulibenso. Nthawi ngati imeneyo ndimangoyang'ana zala zanga. Koma pena amakumbuka zimene poyamba sanalembe n'komwe, ndipo kawiri ndawakweza pa njinga kupita nawo ku Lobi kukafunsa azakhali awo osamva bwino, ine ndikukuwa mafunso m'khutu.

Mwezi wathawu tinafika pa mutu wa ana awo ndi mabanja awo. Anatchula woyamba, wachiwiri, kenako anakonza kukhosi.

"Lembani. Wachitatu anakwatiwa ndi mphunzitsi, munthu waulemu ndi wolimbika, amene anafafaniza makolo athu onse masana amodzi, kenako n'kunena kuti ndi nkhuku yachilendo."

"Bambo, za nkhukuzo munanena ndinu."

"Inu munavomera. Lembani. Mukatha mundiwerengere."

Ndinalemba, ndinawerenga mokweza, apongozi aakazi akuseka kuseri kwa chitseko mpaka kutsokomola.

Phunziro ndinalitola, musakayike. Masiku ano tikamaliza kulemba ndimasunga bukulo m'mafulashi atatu: ina imakhala kwa apongozi, ina kwathu, ina kwa alamu ku Lilongwe. Ndiye kuti chiganizo chokhacho chimene ndikanakonda chitasowa, ndachiteteza ndekha moti adzukulu a Tadala adzachiwerenga.