Mnyamata wotsazika ndi chala

Rozina, mwana wa mlongo wanga, sandipatsanso moni wa mano poyera. Mlandu wake ndi uwu.

Kunabwera mnyamata wodzamufunsira, Fernando, wongofika kumene kuchokera ku Joni. Ine monga malume ndinamulandira bwino, nkhuku inafa. Atadya, m'malo motsazika ngati munthu, kuti timupatse moni wa kwawo ndi kumuperekeza mpaka pamsewu, anangotukula chala chachikulu.

"Shapu, malume!"

Mota yake, njinga yamoto, gwedegwede, fumbi kobo.

Ine mtima unakana. Munthu wothawa kuperekezedwa amabisa kumene akupita (izi sindinawerenge paliponse, ndi nzeru zanga ndekha). Rozina anati, "Malume, ndi Chingerezi chabe chotsazikirana." Ndinangoseka. Mwanayu sadziwa amuna.

Atabweranso Loweruka n'kutukulanso chala chija, ndinamutsatira panjinga, m'mbuyo mwa matumba a nandolo opita kuboda. Ndinawoloka Ruo thukuta lili kamukamu. Ku Muloza ndinaipeza mota itaimikidwa pakhomo pena, ndipo pakhonde panali mayi wobereka khanda akumulandira chipewa.

Ndinati ndagwira mbava! Ndinalowa osaodira n'komwe.

"Mkazi uyu ndi mwanayu wawatchula liti kwathu, wachinyengo iwe?"

Mayi uja anagwira pakamwa. M'nyumba munatuluka mkulu waimvi, kumbuyo kwake abale odzaza mphasa.

"Uyu ndi mlongo wake," anatero mkuluyo mofatsa. "Ine ndine malume ake. Timapangana tsiku lopita kwawo kwa Rozina kukamanga chinkhoswe. Inu ndinu ndani, bambo?"

Ndinalakalaka nditati ndine wogula nandolo.

Mkuluyo sanakalipe ayi, bola akanatero. Anandiperekeza mwaulemu wonse, akundikankhira njinga, mudzi wonse ukuonerera. M'njira anandifotokozera kuti shapu ndi mawu a ku Joni, oti zonse zili bwino, tionana, ndipo iye anawamva kumigodi Fernando asanabadwe. Kenaka anawonjezera kuti banja lawo liyamba laganizanso ngati lingakwatire kumene nkhoswe yake ndi ine.

Pamlatho anandibwezera njinga, n'kutukula chala.

"Shapu, achimwene."

Chinkhoswe chinachitika nditapepesa ndi mbuzi, koma unkhoswe anaupereka kwa mng'ono wanga. Ine anandiika koyang'anira njinga za alendo.

Komabe khanda lija mphuno yake ndinaiona bwinobwino, ndi ya Fernando yeniyeni.