Tchati cha Thadzi Langa

Abiti Yusufu, mayi amene ndinali ndisanawaonepo chibadwire, anatsika pa kabaza pakhomo pathu ku Nsanama n'kupempha kuti ndiwaphunzitse tchati cha nkhuku. Nkhaniyi ndi yochititsa manyazi, moti mpaka lero ndikakumana ndi thadzi ndimayang'ana kumbali.

Zinayamba chonchi. Ine ndi amuna anga, a Jafali, tinagwirizana kuti mwana ayambe wadikira mpaka nditsirize kosi ya zosoka. Anamwino anandiphunzitsa kuwerenga masiku. Tsiku loyamba kusamba ndizichonga ndi bolopeni yofiira, ndipo kuyambira tsiku la 8 mpaka la 19 tizidziletsa, chifukwa m'pamene ndingatenge pakati. Ndinajambula tchati changa bwinobwino ndi rula, n'kuchibisa pansi pa matiresi.

Apongozi anga, amene timakhala nawo mpanda umodzi, anachipeza tsiku lomwe ankandithandiza kutulutsa matiresiwo padzuwa.

"Ichi n'chiyani, mwanangu?"

Munthu wa Fomu 4 ine, ndikanangoti ndi miyezo ya madiresi. Koma pabwalo panadutsa thadzi.

"N'cha nkhuku, amayi!"

"Ooo," anatero, n'kundipatsira ndi manja awiri.

Kuti bodza likhwime, ndinakachikhoma pakhola, chokuta ndi jumbo kuopa mvula. M'mawa uliwonse ndinkapita ndi bolopeni, kuliyang'anitsitsa thadzi ngati dokotala, n'kuchonga za ine mwini. Pabwalo pakachuluka anthu ndinkachita manyazi, ndiye ndinkadzachonga patapita masiku, mongokumbukira.

Tsoka lake, thadzi lija linaswa mazira onse khumi ndi awiri. Mbiri inadzera kuchigayo mpaka njira ya ku Nayuchi, akuti ine, mtsikana wa ku Phalula uja, ndikuweta nkhuku ndi sayansi.

Ndiye ndi awa Abiti Yusufu, atula chinangwa cha mphatso pakhonde, aima kutsogolo kwa khola.

"Zanga zimaswa atatu okha, chemwali. Kofiiraka n'chiyani?"

"Ndi tsiku limene thadzi... silikupeza bwino."

"Mumadziwa bwanji?"

"Limangokwiya zilizonse."

A Jafali, amene ankakonza njinga pansi pa mango, anatsokomola.

"Nanga masiku mwazungulizawa?" anafunsanso Abiti Yusufu.

"Amenewo tambala asayandikire."

"Masiku thwelofu! Tambala wake amalola?"

"Amavutika, mayi," anayankha a Jafali osadzutsa mutu, "koma amalola."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Mumam'manga mwendo?"

"Iyayi, timangokambirana naye," ndinatero.

Abiti Yusufu anandiyang'ana ndi ulemu waukulu. "Sukulu ndi yabwino ndithu! Wanga uja ngakhale umuponye chitsononkho samva."

Anatulutsa kope la mdzukulu wawo n'kuyamba kukopera mzere ndi mzere, akuti mawa lomwe tambala wawo alowa m'dengu. Mayi wabwinobwino wayenda mtunda wonsewo, ndipo chifukwa cha bodza langa mazira ake sadzaswanso ngakhale atatu aja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma apongozi ananditsogolera.

Apongozi, amene nthawi yonseyi ankasenda nandolo chamumtima, anaika lichero pansi.

"Abiti, musavutike ndi kulemba. Sayansi imeneyi imagwira nkhuku za ku Phalula zokha. Zathu zakuno n'zamakani. Inu muzisesa m'khola, muzithiramo phulusa, tambala mum'siye agwire ntchito yake."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mazira asanu ndi limodzi m'kambale, kubwezera chinangwa chija. Mlendo anapita akuti sikomo, sikomo, mpaka kumsewu.

Ndinapuma. Ndimati zatha.

Apongozi anapita pakhola n'kuyang'ana tchati chija kwa nthawi, manja ali kumbuyo.

"Mwanangu, thadzi lakoli walichongera Lachinayi. Linayamba Lachiwiri."

"Mwadziwa bwanji, amayi?"

"Si Lachiwiri lija unandiitana kuti ndikuthirire mchere m'ndiwo?"

Kalanga ine! Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, amapempha wina. Miyezi yonseyi ine ndili kalikiliki kunamizira nkhuku, ndinkalengeza ndekha tsiku langa kukhitchini, ndipo mayiwa ankangothira mcherewo osanena kanthu.

Ndinawerenga ndi zala mofulumira. Tsikulo silinali la 6 monga tchati chinkanenera. Linali la 8. Kosi yanga ya zosoka inatsala pang'ono kuthera kusikelo.

Apongozi anatola lichero lawo, n'kudutsa pafupi ndi mwana wawo osamuyang'ana.

"Jafali, tambala uja auzidwe. Zayamba lero."

Sipanala inagwa m'manja mwa a Jafali.

Ukamabisa chinsinsi kukhola, yamba waganizira amene amakuthirira mchere.