Zikomo Bwana Pomusankhira Mwana Wanga Maphunziro Osankha Yekha

Kwa Olemekezeka Aphunzitsi Aakulu,
Sukulu ya Sekondale ya kuseri kwa msika.

Bwana,

Ndagwada. Ndine kholo wamba, wometa anthu tsitsi, ndipo sukulu ndinailekera panjira, choncho mukapeza mawu opindika m'kalata muno mundikhululukire. Ndayesa kangapo kudzakuthokozani pamaso, koma alembi anu amandiuza kuti muli kumsonkhano, ngakhale kutsokomola kwanu kumamveka bwinobwino kuseri kwa chitseko. Ndiye ndati ndilembe poyera, kuti ndi ena amve zabwino zimene mwachitira mwana wanga.

Mwanayo ndi mtsikana, wachisamba wathu, ndipo tsopano ali Folomu 4. Kunyumba timamutcha Adokotala, chifukwa chiyambire ali wamng'ono ankamanga zilonda za azing'ono ake ndi tinsanza, n'kumawalamula kuti agone mpaka achire. Inu simungamudziwe. Amakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera losweka lija.

Choyamba, ndikuthokozani potitsegula m'maso. Pamsonkhano wa makolo, ana athu akulowa Folomu 3, munaimirira mutavala tayi yofiira n'kutifotokozera kuti maphunziro ali pawiri. Alipo okakamiza, monga Masamu ndi Chingerezi, ndipo alipo osankha, amene mwana amatola yekha teremu iliyonse malinga ndi kumene mtima wake ukuloza. Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Mwana wanga sanachedwe nazo: anasankha Bayoloje, Kemisitire ndi Fizikisi, ndipo amayi ake anayamba kuyenda mothimbwidzika ngati chipatala chatsegulidwa kale pakhomo pathu.

Chachiwiri, ndikuyamikani chifukwa cha njira yanu yogawira ana. Poti labotale yanu ili ndi mipando yochepa, munalamula kuti belu likalira, amene wafika msanga n'kukhala pampando ndiye wa sayansi. Nzeru zakuya zimenezi! Masukulu ena amayesa mutu, inu mumayesa miyendo. Belulo linalira mwana wanga akukolopa m'chipinda cha aphunzitsi, poti inali sabata ya atsikana yokolopa, monga imakhalira sabata iliyonse. Anathamanga chikolopa chili m'manja, n'kupeza mipando yonse yadzaza ndi anyamata a timu ya mpira. Mpando umodzi wokha unalibe munthu, koma panali chikwama. Atafunsa, anamuuza kuti malowo ndi a mwana wa mlongo wanu, amene m'mawa umenewo anali asanadzuke n'komwe. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mwandiphunzitsa mbali imene anaiwala kunena, yoti wa mlongo wako ndi wako koposa.

Chachitatu, Bwana, ndigwadire kuwolowa manja kwanu. Ana ena amatuluka sukulu akudziwa zinthu ziwiri zitatu, koma wanga mwamulawitsa zonse. Teremu yoyamba munamuika ku Chifalansa. Anaphunzira kupereka moni ndi kufunsa njira ya kusiteshoni, aphunzitsi ake n'kusamutsidwa asanamuphunzitse yankho lake. Mpaka lero mwana wanga angathe kusochera m'Chifalansa, koma kubwerera sangathe.

Teremu yachiwiri munamusankhira Kompyuta. Kompyutayo ndi imodzi, ili mu ofesi mwanu, yofunditsidwa nsalu kuopa fumbi, choncho ana anaiphunzira yojambulidwa ndi choko pabolodi. Tsiku lina mnzake wina anaifufuta mwangozi ndi chigongono, ndipo anapatsidwa chilango chifukwa chowononga katundu wa sukulu. Ndinagwirizana nacho chilangocho, chifukwa ana a masiku ano sasamala zipangizo.

Teremu yachitatu inali ya Zaulimi, m'dimba la kuseri kwa nyumba yanu. Kabichi wanu ndinamuona, Bwana. Wanenepa. Iyeyo ndiye sindikayika kuti wakhoza.

Chachinayi ndi chachikulu. Mwana wangayu anali wamakani ngati bambo ake. Anakapempha aphunzitsi a Bayoloje kuti azingoima panja pawindo la labotale nthawi yopuma ya kalasi lake, azimvetsera. Aphunzitsiwo, mayi wachifundo, anavomera, ndipo ankakweza mawu dala kuti wapanjayo amve. Mwana ankalemba atatsamira khoma, kope lili pabondo, dzuwa lili pamutu. Madzulo ankatifotokozera za mtima ndi mitsempha mpaka ife kugwidwa ndi chizungulire. Koma achiwiri anu, maso awo akuthwa, anamupeza n'kumuthamangitsa pamaso pa anzake, amvekere akusokoneza ana amene anasankha sayansi. M'katimo, mwana wa mlongo wanu anali mtulo, tsaya lili patebulo. Ndithudi tulo ta mwana wosankha sitiyenera kusokonezedwa.

Chichokere tsiku limenelo m'nyumba mwathu muli bata. Mwana wanga amalowa, n'kuika chikwama, n'kukhala phee. Amayi ake atamuumiriza kuti anene chavuta, anangoti, “Amama, musamanditchulenso Adokotala. Anthu azitiseka.” Amayi ake anakalirira kubafa kuti ana asawaone. Ine m'mawa mwake ndinatsala pang'ono kumeta kasitomala nsidze. Matenda amene makolo tinalephera kuchiza, matenda olakalaka zapamwamba, inu mwawachiza chaka chimodzi chokha, popanda ndi jakisoni yemwe.

Ndisaiwale lipoti. Tsopano pamene ana akulembetsa mayeso a boma, aphunzitsi a kalasi atiuza kuti mwana wanga alibe phunziro losankha ngakhale limodzi limene analimaliza. Pansi pa lipotilo pali mawu a dzanja lanu, olembedwa mokongola ndi inki yobiriwira: “Mwana wosakhazikika maganizo, amasinthasintha maphunziro. Makolo amulangize.” Tamulangiza, Bwana. Tamuuza kuti asiye khalidwe loipali losamutsa aphunzitsi ndi kubisa makompyuta.

Pomaliza ndili ndi kapempho, kakang'ono kwambiri, kosayenera n'komwe kukudzutsani pampando. Za wamkuluyu sindikuvutitsani, mwamumaliza bwino. Koma ali ndi mng'ono wake amene akutsiriza pulayimale chaka chino, ndipo abwera kwa inu, poti sekondale ina yoyandikira kulibe. Kamwanako kayamba kale chipongwe. Dzulo ndege itadutsa kanaloza kumwamba n'kunena kuti kakadzakula kazidzayendetsa imeneyo. Ndinakatseka pakamwa msanga, n'kukauza kuti m'banja muno sitilota tisanamve kwa Aphunzitsi Aakulu.

Choncho chonde, Bwana, mukapeza mpata pakati pa misonkhano yanu, mutitumizire mawu, ngakhale kudzera kwa alonda a pageti, otiuza chimene mwakonza kuti mwanayu adzakhale. Tikufuna tiyambe kumuzoloweza akadali wanthete, kuti pofika kwa inu adzakhale atasweka kale mtima, musadzavutikenso ndi kuuswa nokha.

Ine wanu wogwada ndi mawondo onse awiri,

Wometa wa moyang'anizana ndi geti lanu.