Galimoto ya a Chimfine

A Chimfine anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ali makaniko, mwamuna wa mkazi mmodzi, bambo wa mwana mmodzi. Dzinali silinali la makolo. Linabwera chifukwa galimoto iliyonse yolowa m'galaja mwawo, kaya yadzera tayala kaya nyali, ankaipeza ndi matenda amodzi: chimfine.

"Injini imapuma ngati munthu," ankatero. "Makamaka izi za tabo, kachipangizo kopopera mpweya mu injini. Mpweya wotsikira kumene kumakhala oyilo uyenera kutuluka. Kapaipi kake kakatsekeka, kapena kavalavu kakauma, mpweyawo umasowa kolowera, ndiye umakankha oyilo paliponse pamene pali mpata."

"Koma bambo, ine ndadzera hutala," mwini galimoto ankadandaula.

"Hutala sinapheko galimoto. Tsegulani boneti."

Kayezedwe kawo kanali kawokawo. Ankazula kavalavuko n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Kakapanda kulira, ankakaika pakamwa, kuuzira, kenako kukoka. Milomo yawo inali bii chaka chonse, moti kutchalitchi chikho cha mgonero ankalandira pomalizira. Akafuna umboni woonetsa mwini galimoto, ankatsegula pothirira oyilo n'kumangirirapo golovesi, injini ikulira. Golovesiyo ikafufuma n'kuimika zala, iwo ankaloza.

"Mwaona? Yakweza dzanja. Ikupempha thandizo."

Magolovesiwo anali a mayi a kunyumba, otsukira mbale.

Utsi wabuluu sankauona n'kuusiya. Loweruka lina anathamangitsa galimoto ya akwati pa njinga, n'kukaipeza pamphambano. Mkwatibwi anakhala m'galimoto akutuluka thukuta, maluwa akufota m'manja, iwo mutu uli mu injini. Amalume a mkwatibwi atayamba kukalipa, a Chimfine sanadzutse n'komwe mutu.

"Ukwatiwu ukhala zaka, achimwene. Tabo iyi sikwanitsa mwezi. Tiyambe ndi wodwala."

Amene ankasenza zonsezi ndi mayi. Pa zaka zonse za m'banja, chimene ankachidziwa bwino pa amuna awo chinali msana ndi zigamba za kumbuyo kwa ovolosi. Nkhope inkakhala pansi pa boneti. Mayiwo sankafuna zambiri. Ankafuna tsiku limodzi lathunthu atakhala pambali pa amuna awo, pa ulendo wa kwa mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali ndipo anali ndi khanda loti agogo ake aamuna sanalinyamulepo. Galimoto inalipo pakhomo, nayo ya tabo, yosamalidwa kuposa munthu. Koma inkangopita kogula zipangizo n'kubwerera. Za ulendo, yankho linali limodzi: "Ndimalize kaye iyi." Ndipo iyi ikatuluka, inkalowa ina.

Khitchini ndi galaja zinkagawana khoma, choncho ulaliki wa a Chimfine mayi ankaudziwa pamtima. M'mawa wina anatsegula okha boneti ya galimoto ya pakhomo, n'kupala zimene zinali kunsi kwa chivindikiro cha oyilo: zoyererako, zonanda ngati mkaka wowonongeka. Anaziika pa kambale, pambali pa kapu ya tiyi.

"Ichi n'chiyani, mayi?"

"Makaniko ndinu. Nenani."

A Chimfine anazinunkhiza, n'kuzipekesa ndi zala. Nkhope inachita tsinya.

"Mwini galimoto imeneyi ndi wankhanza. Amangoyenda nayo timaulendo tapafupi. Oyilo satentha, chinyezi sichiuma, zonsezi zikukatseka kapaipi. Imeneyi mankhwala ake ndi ulendo wautali. Ndi ya ndani, ndikamuuze mawu?"

"Ndi yanu."

Tiyi anazizira m'kapu. Kenako a Chimfine anati, "Longedzani chikwama."

Mayi analongedza, ndipo bokosi la masipanala analitsitsa okha n'kulikankhira pansi pa bedi. Panjira anapeza minibasi ikufuka utsi ngati munthu akuwotcha zinyalala. Phazi la a Chimfine linayamba kupepuka, liwiro n'kumachepa. Mayi anaika dzanja pa bondo lawo.

"Bambo."

"Ndangoyang'ana."

"Yang'anani kutsogolo."

Anapitirira, a Chimfine akuusa moyo ngati asiya m'bale m'chipatala. Atasowa choti akonze, anayamba kulankhula. Anafunsa za anthu amene anamwalira kalekale, mayi n'kumawauza kuti kumaliroko anapita limodzi. Chakumasana anayamba kuimba nyimbo za nthawi ya chibwenzi chawo, mawu ena ataiwala, mayi n'kumawakumbutsa. Tsiku limenelo mayi anaona kuti amuna awo anachita imvi mpaka m'nsidze, ndiponso kuti akamaseka diso lakumanzere linkatsinzinabe ngati kale. Msewu sanauone kwenikweni.

Atafika, a Chimfine anasamba m'manja katatu, n'kulandira mdzukulu. Anaika khutu pa kachifuwa kake, n'kumvetsera ngati akumvera injini.

"Uyu ali bwino," anatero. "Musamugwiregwire."

Ulendo unali womwewo. Mvula yotsatira a Chimfine anadwala chifuwa, ndipo sichinawachedwetse. Nthabwala yake, yoti a Chimfine afa ndi chifuwa, aliyense anaiona, koma palibe anainena.

M'galaja muja tsopano muli wometa tsitsi. Galimoto zimadutsa mumsewu zikufuka utsi, popanda wozithamangira. Mayi akakhala pakhonde n'kumva kamluzu ka tabo, amatembenuka, ndipo nthawi zina amanena okha kuti, "Imeneyo yatsekeka." Palibe wowayankha.

Galimoto anapatsa mkamwini, poti iwo sayendetsa. Tsiku lodzaitenga anamuperekeza mpaka pageti.

"Muzipita nayo kuti, bambo?"

"Kuntchito basi, amayi. Ndi pafupi, siivutika."

"Ndiye kuvutikako. Imeneyi imafuna ulendo wautali. Muzibwera nayo kuno, ndi mwana yemwe."

"Tizibwera, amayi."

Chichokereni nayo, abwera kamodzi.