Tchipisi cha Umboni

Inu amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine sindidyera pamsewu. Ku mishoni kumene ndinaphunzira, mwana akapezeka akutafuna uku akuyenda ankakalima kumunda wa sukulu, ndipo lamulo lomwelo ndinalisunga zaka zonse zimene ndinali mphunzitsi wamkulu. Choncho nkhani iyi muimve kwa ine mwini wake, chifukwa mmene akuikambira ku Nsungwi akuikometsera mopitirira muyeso.

Zinachitika zaka zija mafoni a m'manja atangoyamba kuchuluka mu Lilongwe muno. Mwana wanga wotsiriza, Yamikani, anali ku yunivesite, ndipo atabwera ku holide anabwera ali munthu wina: wowonda, wosaseka, chakudya akungochitosatosa, tsiku lonse ali chidzitsekere m'chipinda. Mtsikana amene kale ankatisokosa nyumba yonse ndi nyimbo za kwaya. Mayi ake anati timukhazike pansi, timufunse modekha chimene chikumuvuta. Ine ndinati palibe chifukwa, funso limodzi likwanira. Ndinamufunsa kuti kusukuluko amadya chiyani, iye n'kuyankha osandiyang'ana, "Tchipisi, bambo. Nthawi zina zigege."

Basi, kwa ine mlandu unathera pomwepo. Mutu wa munthu ungakhazikike bwanji ndi mafuta a pachiwaya okazingira mobwerezabwereza? Ife tinakulira nyemba, nkhwani wotendera ndi usipa, ndipo sindikumbukira mnzanga ndi mmodzi yemwe amene anadzitsekera m'chipinda. Zoti tinalibe zipinda zoti n'kudzitsekeramo, zimenezo sindinaziganizire.

Ndiye zinangochitika kuti ophunzira a m'makoleji a mumpingo mwathu anali ndi msonkhano Loweruka masana, ndipo abusa anandipempha, monga mkulu wa mpingo, kuti ndikawalankhule. Mutu ndinasankha ndekha: chakudya ndi maganizo. Koma mphunzitsi weniweni salowa m'kalasi chimanjamanja. Ndinakonza zoti ndigule tchipisi, ndikachikweze m'mwamba pamaso pa onse, aone mafutawo akuchucha, kenako ndichiponye m'bini. Pali cholakwika pamenepo?

Ndinavala jekete yakuda ndi tayi, n'kutsikira kumsika wa Nsungwi. Ndinasankha dala chiwaya cha kumapeto kwenikweni, kumene ndinkaganiza kuti palibe angandidziwe. Ndisanatsegule pakamwa, wokazingayo anakweza supuni m'mwamba.

"A hedi! Ndinu ndithu?"

Anali Jafali, amene ndinamuphunzitsa kalekale, tsopano bambo wa ndevu zake ndi ana ake.

"Sindinabwerere kudya, Jafali. Ndikufuna tchipisi pang'ono cha phunziro."

"Za phunzirozo mukuzidziwa ndinu, a hedi, koma pachiwaya pano munthu sagula asanalawe. Mukachoka osalawa, anthu awa aziti nyama yanga ili ndi vuto. Mukufuna mundithawitsire makasitomala?"

Akunena izi anali atabaya kale kachiwindi ka mbuzi ndi kamtengo, wakasunsa mumchere ndi mutsabola wa kambuzi, wandilozetsa. Anthu onse maso pa ine. Kodi ndikanagwetsa bizinesi ya mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha? Ndinalandira chifukwa cha chifundo basi. Koma abale, ndisaname, kachiwindi kaja kanali ndi mawu.

Jafali anadzaza kajumbo, anaika kabichi pamwamba, anaponyamo timagawo ta nyama ta mbasela, n'kuthira kambuzi wa m'botolo mosaumira, kamtengo kaja n'kubaya pamwamba. Ine, poopa kudetsa jekete, ndinakulunga kajumboko mumpango wanga n'kulowetsa m'thumba.

Kuchokera ku Nsungwi kukafika kutchalitchi si patali, koma tsiku limenelo msewu unatalika. Kutentha ndikukumva m'nthiti, fungo likukwera molunjika kumphuno. Ndinayamba kulingalira kuti si chilungamo kuweruza chinthu chimene sunachifufuze. Ndinaima kuseri kwa minibasi yakufa, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa katchipisi kamodzi. Kachiwiri kanali kotsimikizira. Kenako ndinaona kuti nyama ija sinali gawo la phunziro, isokoneza ana, ndi bwino ichokemo. Nanga kabichi? Kabichi ndi masamba, alibe mlandu, sakanayenera kutayidwa limodzi ndi olakwa. Dzanja linkangolowa m'thumba n'kutuluka, ine ndikuyenda mowongoka ngati ndikupita kukayendera sukulu. Pofika pageti ndinamva kuti thumba lapepuka, koma ndinadziuza kuti tchipisi chikazizira chimafota.

M'holo munali modzaza. Yamikani anakhala kumbuyo, mutu uli pansi, atachita kukokedwa ndi mayi ake. Ndinayamba bwino kwambiri. Ndinanena za nyemba, ndinanena za ubongo, ndinadzudzula ulesi wa achinyamata osafuna kuphika. Koma kambuzi uja anali akugwira ntchito yake m'kati, thukuta lili kamukamu. Ndinasolola mpango, ndinapukuta pachipumi, ndipo mwachizolowezi ndinapukutanso m'maso.

Mpango womwe uja.

Moto unabuka pamene ndinali nditangonena mawu akuti, "Ngakhale mwana wanga yemwe..." Mawu anathera pomwepo. Misozi inangoti chuu, mphuno nayo osafuna kutsalira, ndipo ndikapukuta kuti ileke ndinali ndikuonjezera. Ine amene sindinagwetse msozi ngakhale pamaliro a bambo anga! Abusa anabwera n'kundigwira paphewa.

Kenako mnyamata wina wa ku Chinsapo anaimirira. "Ngati a hedi afika polira chifukwa cha ife, nafenso tinene zoona. Tchipisi sitidya chifukwa chokonda. Kumene timachita lendi salola kuphika, ndiye timadya kamodzi patsiku, chimene chili pafupi. Ukalowa m'kalasi mutu uli ziii, koma mtundu wonse kumudzi ukudikira iwe."

Mtsikana wina anati iye mayeso akayandikira tulo timatha, mtima umangothamanga, ndipo alibe womuuza chifukwa kunyumba amati munthu wa ku yunivesite angadandaule chiyani. Ndiye ndinamva mawu amene ndinkawadziwa. Kuona sindinkaona, koma anali Yamikani.

"Ine ndinalephera phunziro limodzi. Ndikuyenera kukalemba mayeso obwereza, ndipo ndikalepheranso andichotsa sukulu. Ndimaopa kuwauza bambo. Ndikati ndidye, chakudya chimandiima pakhosi."

Pamenepo sindingakuuzeni kuti misozi ya kambuzi inathera pati ndipo inayo inayambira pati.

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Aliyense anali atakhudzidwa, ulemu wanga unali utakwera kuposa kale lonse, ndikanangoti tiyeni tipemphere. Koma ine phunziro limene ndalikonza sindilisiyira panjira. Ndinakonza kukhosi, ndinapisa dzanja m'thumba, n'kunena mwamphamvu, "Zonsezi tazimva, koma mdani wanu wamkulu ndi uyu."

Ndinakweza kajumbo m'mwamba. Kanangoti lende ngati sokosi. M'kati munali kamtengo kaja ndi katchipisi kamodzi kopserera.

Yamikani anabwera kutsogolo ndi kapu ya madzi, anandiyang'ana kuyambira kumilomo yonyezimira mpaka pachifuwa, n'kunong'ona, koma kunong'ona kwake komveka mpaka kukhomo, "Bambo, kabichi ali pa tayi."

Ndipo anaseka. Kuseka kuja kumene kunasowa m'nyumba mwanga, kogwira pamimba, madzi n'kutayikira pansapato zanga. Holo yonse inatsatira. Abusa anayesetsa kudzigwira, kenako anati, "Musawaseke a mkulu. Mdaniyo amugonjetsa okha panjira."

Madzulo ake Yamikani anadya nyemba mpaka kuonjezera, akatafuna pang'ono n'kuyambiranso kuseka. Tinakambirana za mayesowo popanda ine kukweza mawu, mwina chifukwa munthu amene wagwidwa ndi kabichi pa tayi mawu ake sakwera. Tinamupezera chipinda china chololedwa kuphika, mayi ake n'kumamutumizira nyemba, nsinjiro ndi mfutso. Mayeso aja anakhoza. Ine mpaka lero ndimanenabe kuti mafuta a pachiwaya si chakudya cha munthu wophunzira, ngakhale tsopano ndimayamba ndafunsa mafunso oposa limodzi.

Ku Nsungwi ndimadutsira njira ina, chifukwa Jafali akangondiona amakuwa, "A hedi, lero kulibe phunziro?" Ndipo ndinalumbira kuti sindidzanyamulanso umboni wodyeka, ngakhale ulendo utakhala wochoka pakhonde kufika pageti. Kunyumba nako lumbiroli amalisunga kuposa ine. Abusa atabwera kudzandipempha kuti ndikalankhulenso kwa achinyamata za kuopsa kwa kachasu, mayi a Yamikani anayankha ine ndisanatsegule pakamwa.

"Apita, abusa. Koma apita chimanjamanja."