Ndinachotsa Ntchito Wakabaza Chifukwa cha Mtima wa Amalume

Abale, sukulu yapang'ono ndi matenda. Ine wotchuka pa Limbuli ponse kuti Chingerezi ndimachita kumwera, ndinaperekeza amalume anga, a Muhiwa, kuchipatala. Mtima wawo unafooka atangopuma ntchito yothyola tiyi, miyendo kutupa, kuyenda pang'ono wefuwefu, mapilitsi akumwa koma osasintha.

Adokotala atawapima anatembenukira kwa namwino n'kuyamba Chingerezi, ine khutu tcheru, ndipo ndinatolapo mawu awiri basi: mankhwala ndi mathiransipota. Atafuna kundimasulira ndinawadula. Kumasulira ine? Wa Folomu 4?

Kufika kumudzi ndinasonkhanitsa banja lonse. "Adokotala akuti mankhwala akuwonongedwa ndi athiransipoti!"

Nanga amene amanyamula amalume ndi mapilitsi awo ndani? A Nahipa akabaza, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale nthochi ya mwini sanathyolepo. M'mawa mwake ndinawapeza pasiteji, msika uli thithithi.

"Bambo, mankhwala a amalume mumawatani? Mumawayanika padzuwa kapena mumalawako?"

Iwo anangondiyang'ana n'kuti, "Achimwene, koma mwadzuka bwino?"

Ndinawachotsa ntchito pompo, anthu akuona. Tsiku lobwerera kuchipatala litakwana, wakabaza aliyense anandikana, ndiye katswirine ndinabwereka wilibala, amalume phwa! m'menemo atagwira ambulera, ine thukuta kamukamu, mapilitsi ndawakulunga m'thawulo ngati khanda.

"Vuto la mathiransipota lija ndathana nalo," ndinawauza adokotala, chifuwa patsogolo. "Ndinamuthamangitsa."

"Mwathamangitsa ndani?"

Nditafotokoza, namwino anathawira kunja atagwira pakamwa. Adokotala anavula magalasi n'kuyankhula Chichewa pang'onopang'ono, chouzira mwana.

"Bambo, m'minofu ya mtima muli timapuloteni tomwe timalowetsa ndi kutulutsa mankhwala. Mtima ukafooka tina timachepa, tina timachuluka, ndiye mankhwala sagwiranso ntchito ngati kale. Mathiransipota ake ndi amenewo. Alibe njinga."

Amalume, munthu woti mpweya umawaperewera, tsiku limenelo anaupeza wosekera.

"Ndiye iwe mphwanga, am'mtimawa ukawapeza pasiteji iti?"

Anakana kukweranso wilibala. Ndinakapepesa kwa a Nahipa pamsika pomwe paja, ndipo iwo anandikhululukira mokweza kuti wogulitsa tomato wakumapeto amve.

Kuyambira pamenepo dokotala akati "mwamva?", ine ndimati, "Ayi bwana, sukulu ndinalekera Sitandade 2."